Kupitirira Benchi Kulibe "Inu"

1

Mawu amene anatsala pang'ono kupasula banja langa ndi aafupi kuposa kutsokomola. Ndinawalankhula Loweruka m'mawa m'sitolo ya buledi ya Zenzi, manja onse ali ndi katundu, mphuno itafiira ndi kuzizira.

Ine ndinkatuluka, iye akulowa. Ambros, mwini kanyumba ka tiyi kamene kali kumapeto kwa njira ya kuphiri, anandigwirira chitseko, chipale chofewa chili mbuu pa chipewa ndi pa ndevu. Buledi mmodzi anapulumuka m'khwapa mwanga, mkuluyo n'kumuwakha asanafike pansi.

"Iwe Ambros, manja ako ndi achangu bwanji!" ndinatero ndikuseka.

Ndinaseka ndekha. Mpeni wa Zenzi unaima pakati pa buledi. Amayi amene anali pa mzere anatembenuka onse pamodzi ngati wina wawakoka ndi chingwe. M'sitolomo munangoti zii, mpaka ndinkamva madzi akudontha kuchokera ku nsapato zanga.

Ambros anayesa kukonza. Anavula chipewa, n'kuwerama. "Zikomo kwambiri, Mayi Vroni. Inuyo muyende bwino, inu."

Ma "inu" awiri m'mpweya umodzi. Bola akanangokhala chete.

"Mwatenga zonse, Vroni?" anafunsa Zenzi, mawu ake ali tseketseke ngati uchi. "Kapena pali china chimene mwaiwala kumtunda?"

Ndinatuluka. Ndisanafike n'komwe pa mlatho, nkhani inali itandidutsa kale panjira.

2

Kwathu kuno ku Tirol, m'chigwa chathu, lamulo ndi lakale ndipo palibe amene analilemba. Njira yoyendamo m'nyengo yozizira imayambira kuseri kwa tchalitchi, kutsata mtsinje, kenako n'kuyamba kukwera. Pakati pa ulendo pali benchi ndi mtanda wamatabwa. Ukangopitirira benchi imeneyo, "inu" amatsala pomwepo. Dokotala ndi iwe, bambo mfumu ndi iwe, mlendo wolemera wa ku Vienna ndi iwe. Potsika, ukafika pa benchi umatolanso "inu" wako ngati chipewa chimene unakoleka pa msomali. Kumunsi kuno iwe ndi wa m'bale wako, mnzako amene munakhala naye benchi limodzi kusukulu, ndi munthu amene umafunda naye bulangete.

Ambros sanali m'bale wanga. Kusukulu sitikanakumanako, poti amandiposa zaka zoposa makumi awiri. Ndiye werengerani nokha chimene chinatsala.

Komanso Ambros si munthu woti dzina lako limveke pafupi ndi lake. Mkazi wake anamwalira kalekale, imvi zili mbee, koma mano onse ali m'kamwa ndipo msana uli njo. Amaimba akodiyoni, amavinitsa alendo aakazi pakhonde la kanyumba kake nsapato za chipale zili kumapazi, ndipo amuna awo amaombera m'manja chifukwa sadziwa chochita.

Ine ndine Vroni, mkazi wa Kassian. Tili ndi nyumba yogona alendo kufupi ndi mlatho. Ndikati tili nayo ndikukokomeza, mwini wake ndi apongozi anga, a Filomena. Ndinachokera chigwa chinacho, kuseri kwa phiri, ndipo kwa mayi amenewa kuseri kwa phiri ndi kutsidya la nyanja. Kuyambira tsiku la ukwati amanditcha "inu", ngati mmene amatchulira alendo olipira. Ana anga awiri ndi iwe, galu ndi iwe, ine ndi dzina langa lonse: "Veronika, ndipatsireni mchere." Ndinkaseka nazo kwa anzanga, koma kunena zoona zinkandipweteka tsiku ndi tsiku.

A Filomena anavala zakuda amuna awo atamwalira ndipo sanavulenso. Ankatsogolera amayi kutchalitchi, ndipo mkazi wamasiye aliyense amene wayerekeza kuvala mpango wamaluwa ankamva dzina lake pa msonkhano. Kuphiri sankapitako. "Ine sindingakwere kumalo koti mwana wa dzulo azikanditcha iwe," ankatero.

Dokotala atawalamula kuti aziyenda chifukwa cha chiuno, ntchito yowaperekeza inagwera ine. Lachitatu lililonse, alendo akadya n'kubalalika, tinkanyamuka: iwo ndi ndodo ndi chikhoti chawo chakuda, ine ndi chikhoti changa chofiira. Mudzi wonse unkadziwa kuti ulendo wa a Filomena umathera pa benchi.

3

Mwamuna wa Zenzi ndi Wastl. Mudzi unamugulira magalasi oonera patali kuti aziyang'anira mapiri, kuopa chipale chogumuka. Chipalecho amachiyang'ana nthawi zina. Nthawi zambiri amayang'ana anthu.

Loweruka lomwelo Wastl anapeza omvera ambiri kuposa bambo mfumu pa Pasaka.

"Ine ndakhala ndikuona, koma ndimati si zanga," anauza aliyense amene analowa kudzagula buledi, ngakhale amene anali atagula kale m'mawa. "Amafika pa benchi awiri. Amalowa pang'ono m'mitengo ya paini ija, mukudziwa nkhalamba ndi chikhodzodzo. Kenako chikhoti chakuda chimabwerera pa benchi, ndodo pambali. Chofiira? Uyo! Chimakwera ngati mbuzi ya m'phiri. Ndipo sichitsika msanga."

Kassian anazimva akugula misomali. Mwamuna wanga ndi wofatsa, mawu ake amachita kuwerenga. Akakondwa amakonza chitseko, akakwiya amakonzanso chitseko. Anandipeza m'khitchini ndikusenda mbatata, n'kuima pakhomo osavula jekete.

"Chikhoti chofiira chija n'chanu?"

Ndinacheuka kuona ngati kumbuyo kwanga kuli munthu wina. "Ukulankhula ndi ndani?"

"Ndi inu."

"Kassian, usachite zachibwana. Chikhoticho unandigulira ndiwe."

"Chimakwera kwa Ambros Lachitatu?"

Apa ndiye panali pamene munthu wanzeru akananama. Ine kunama sinditha, nkhope imandiulula. Komanso pakamwa panga panali pomangidwa ndi lumbiro limene ndinachita dzanja lili pa mtanda. Kwa ndani, musathamange, tifikako.

"Chimakwera," ndinatero. "Koma si mmene ukuganizira. Ndikhulupirire."

"Zikomo pondiuza zoona," anatero, ngati akuthokoza wa ku positi ofesi.

Tsiku lomwelo anasamutsa bulangete lake n'kukaliyala m'chipinda choumitsira nsapato za alendo. Amene sanalowemo m'chipinda chimenecho asamaweruze. Munthu wosankha kugona pakati pa nsapato zonyowa za anthu oyenda tsiku lonse ndiye kuti mtima wake wasweka zenizeni.

Ntchito sinaime. Tinkayala mabedi limodzi ngati kale, iye uko ine kuno.

"Kokani mbali yanuyo."

"Ndakoka, Kassian."

"Mwasiya khwinya."

Mayi wina mlendo anatimva, n'kugwira pachifuwa. "Koma ndiye mumalemekezana! Mwamuna wanga atamva zimenezi!" Ine ndinamwetulira, n'kukalira m'chipinda chochapira. Apongozi anali atanditcha "inu" kwa zaka zambiri ndipo ndinapirira. Koma mwamuna amene ndinabereka naye ana akayamba kutero, ndiye kuti m'nyumbamo watsala ndiwe mlendo wosalipira.

4

Lamlungu kutchalitchi, amayi a pa benchi yathu anasendera kuti ndikhale motakasuka. Anasendera kwambiri moti malo otsalawo pakanakhala ng'ombe. Potuluka, Zenzi anandigwira dzanja. "Tikukupemphererani," anatero, maso ake akusakasaka Ambros m'gulu.

Pa chakudya cha masana ndinalephera kupirira. Ana anali kwa anzawo, tinatsala atatu ndi mphika wa supu.

"Amayi," ndinatero, "inu mumakhalapo Lachitatu. Muuzeni mwana wanuyu kuti sindinalakwe."

A Filomena anauzira supu pa sipuni, n'kumwa mosafulumira.

"Chikhoti changa chimakhala pa benchi," anatero. "Mufunseni Wastl."

"Amayi!"

"Zimene chikhoti chanu chimachita kumtunda, ine ndingaziyankhe bwanji pa tebulo? Veronika, ndipatsireni mchere."

Ndinawapatsa mcherewo. Dzanja linkafuna kuwathira m'mutu. Kassian anaimirira, n'kupita kukakonza chitseko cha khola chimene anali atakonza kale dzulo lake.

Titatsala awiri ndinawayang'ana m'maso. Iwo anayang'ana mbale. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo wanga anali atakhala pa mkhate wa nyumba yonse, atavala zakuda ndi korona m'khosi.

Lolemba ndinaona Kassian akutsitsa sutikesi yake yakale pamwamba pa kabati. Mchimwene wake wa ku tauni ankafuna munthu womuthandiza ntchito za mipope. "Ndikangotseka nyengo ya alendo ino, ndinyamuka," anauza khoma, osati ine. "Ana ndidzawafotokozera ndekha, musavutike."

Lachitatu m'mawa kunacha bwino, kumwamba kopanda kamtambo. Chipale chatsopano chinali chitagwa ndipo thirakitala inali itasalaza kale njira. Ndinali ndikutsuka makapu pamene ndinamva ndodo pakhomo la khitchini.

"Valani, tikupita."

"Lero? Mudzi wonse uli pa mawindo!"

"Mudziwo uyang'ane. Lero ndi lomaliza."

Ndikanakana. Koma nkhope yawo inali ngati ya munthu wopita kumaliro, ndipo ine mtima wanga ndi wopusa. Ndinatenga chikhoti changa chofiira.

5

Mmene Wastl anazionera tsiku limenelo ndi mmene zinkakhalira nthawi zonse. Zikhoti ziwiri zinafika pa benchi. Zinalowa m'mitengo. Chofiira chinakwera, chakuda chinabwerera n'kukhala pansi, chipewa chitakokedwa mpaka m'maso, mpango utakulunga kukamwa ndi mphuno, magalasi akuda otchinga kuwala kwa chipale ali pamalo pake.

Chachilendo chinali munthu wachitatu. Kassian anatulukira pa khona, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira choncho. Anaima, n'kuyang'ana mapazi atsopano opita kumtunda. Kenako anadziponya pa benchi pafupi ndi chikhoti chakuda.

"Amayi, musandiletse," anatero. "Ndikufuna ndikaone ndi maso anga."

Chikhoti chakuda sichinayankhe.

"Ndalephera, Amayi. Mawu aja akuti inu akundikanda pakhosi ngati munga wa nsomba. M'mawa uliwonse ndimafuna kunena kuti Vroni, wagona bwanji, koma ndimakumbukira. M'chipinda cha nsapato muja mukununkha, Amayi, sindinagone tulo chiyambire. Amaliza mkonono mkazi uja, inu mukudziwa, khoma limachita kunjenjemera. Koma panopa ndikuusowa mkononowo."

Anapukuta mphuno ndi golovesi.

"Ngati wakonda nkhalamba ya akodiyoni ija, anene ndi pakamwa pake, ndimusiya. Koma ndinene chinthu chimodzi, ngakhale mukwiye. Inunso muli ndi mbali yanu. Zaka zonsezi mkazi uja amakuphikirani, amakusisitani chiuno, anakuberekerani zidzukulu, inu n'kumamutcha ngati mlendo wa m'chipinda cha pakona. Galu mumamutcha iwe! Ndipo ine ndinkangoyang'ana, osanena kanthu. Munthu akazizidwa m'nyumba mwake amakafuna moto kwina. Tinamuzizira ndife."

Chibadwire sanalankhulepo mawu ambiri choncho nthawi imodzi. Anasisita phewa la chikhoti chakuda, n'kudzambatuka, uyo kumtunda.

Mwina mukudabwa kuti zonsezi ndinazimva bwanji, popeza chikhoti chofiira chinali chitapita kale.

M'chikhoti chakudacho munali ine.

6

Zinayamba kumayambiriro kwa nyengo yozizira. Tsiku lina titakhala pa benchi, kunja kuli bata, mphepo inatsitsa kulira kwa akodiyoni kuchokera kumtunda. Ndinacheuka n'kuona apongozi anga, mayi wachitsulo uja, misozi ili mbwembwembwe.

"Nyimbo imeneyo anandipekera ine," anatero. "Ndili mtsikana. Bambo anga anati woimba sadyetsa banja."

Sabata yotsatira anandigwira mkono. "Veronika, chonde." Chikwatiwire ndinali ndisanamvepo mawu amenewo kuchokera pakamwa pawo. Anandiikitsa dzanja pa mtanda kuti sindidzauza munthu, ngakhale Kassian, makamaka Kassian, amene mpaka lero amapukuta chithunzi cha bambo ake Loweruka lililonse. Magalasi a Wastl ankawadziwa bwino, poti ambiri mwa milandu ya pa msonkhano wa amayi inkachokera komweko. Nzeru ya zikhoti inali yawo. Tonse ndife aafupi, ndipo munthu akadzikulunga bwino m'nyengo ino ngakhale mayi ake sangamuzindikire. Kapena mwamuna wake.

Chiuno chija? Chinkapola okangolowa m'chikhoti chofiira.

Ine ndinavomera chifukwa ndinkaganiza kuti chinsinsi chitisandutsa mayi ndi mwana. Komanso, ndisabise, kukhala padzuwa wopanda bedi loyala, wopanda mlendo wofunsa kumene kuli sipuni, kunali kokoma. Ambros ankawaperekeza mpaka m'mitengo ya paini, atanditengera keke ya maapozi ndi tiyi wothira kachasu pang'ono. Mitengoyo ili kumtunda kwa benchi, ndiye ine ndi iye tinali iwe ndi iwe, mpaka lilime linazolowera. Koma apongozi m'mitengomo sankandilankhula ngakhale liwu limodzi. Ankangoloza mabatani ndi chala, kuopa kuti lamulo la phiri liwakakamiza kunditcha iwe.

Tsono ndinali pa benchi paja, mamina ndi misozi zitanyowetsa mpango wa apongozi, mwamuna wanga akukwera phiri kukamenya munthu. Ndinalumbira kuti sindidzanena ndi pakamwa. Za nkhope sindinalumbire. Koma mmene ndinkamasula mfundo ya mpango, imene mayi aja amamanga ngati akumanga ng'ombe, n'kuti Kassian atazimirira m'mitengo.

Ndinataya ndodo, n'kukwinya chikhoti mpaka m'mawondo, n'kuliyatsa liwiro.

Ndinamva pambuyo pake kuti Wastl anagwetsa magalasi. "Zenzi! Bwera udzaone chozizwitsa! A Filomena akuthamanga!" Akuti Zenzi anachita chizindikiro cha mtanda, n'kuyamba kuganiza zoitana bambo mfumu.

Ndinagwa kawiri kapena katatu, sindinawerenge. Alendo ena otsika anapatuka, mmodzi n'kukuwa, "Limba, gogo!" Ndinamutukwana m'chilankhulo cha kwathu kuseri kwa phiri.

7

Ndinafika pakhomo la kanyumbako mpweya utatha, nthawi yomweyo imene Kassian ankakankha chitseko.

Mkati munali alendo angapo ndi makapu awo. Pakona, pafupi ndi mbaula, chikhoti chofiira chinakhala chofulatira chitseko, chipewa chili kumutu, manja ake onse awiri ali m'manja mwa Ambros. Mapewa ake ankagwedezeka ndi kulira.

Kassian anadutsa pakati pa matebulo, n'kugwira phewalo.

"Iwe! Tembenuka undiyang'ane, iwe!"

Chikhoticho chinatembenuka pang'onopang'ono, chipewa n'kugwera kumbuyo. Imvi.

"Ukuti iwe kwa ndani?" anafunsa a Filomena.

Mwamuna wanga anangoti kukamwa yasa. Anabwerera m'mbuyo, n'kukhala pa mpando umene panali kale mlendo.

"Musiye mwanayo, Filomena," anatero Ambros modekha. "Kuno n'kumtunda. Sanalakwe."

"Amayi? Nanga... nanga amene ndalankhula nawo pa benchi?"

"Ndine," ndinatero ndili pakhomo, chipale chili thupi lonse ngati ndagwera m'thumba la ufa.

Anayang'ana ine, anayang'ana amayi ake, anayang'ananso ine. Makutu ake anafiira. "Wamva zonse?"

"Zonse. Za mkonono tikambirana kunyumba. Panopa bwereza zija unawauza amayi ako. Uthengawo unapita kolakwika."

Anabwereza, maso ali pansi, mpaka za galu zomwe. A Filomena anamvetsera osaphethira. Kassian atamaliza, mawu ake anatsika. "Nanga Bambo?"

"Bambo ako ndinawalemekeza ali moyo, ndinawalira atamwalira," anatero. "Usade nkhawa. Ndabwera kudzamuuza uyu kuti zatha. Sindidzakweranso. Mudzi uiwala."

Ambros anayang'ana m'mbaula. Apa ndi pamene mtima wanga unaphulika. Ndinayang'ana pawindo, n'kukumbukira kumene ndaima.

"Iwe Filomena," ndinatero.

Ha! Kukoma kwake mawu amenewo! Alendo anasiya kutafuna.

"Mudzi uiwala chiyani? Uiwala iwe, poti sunakuone. Ine ndiye ndidzakhala mkazi wa chikhoti chofiira mpaka kumanda, ana anga azidzasekedwa kusukulu. Mwana wako wagona ndi nsapato za anthu, watsitsa ndi sutikesi yomwe, iwe uli phee kupempha mchere. Ndipo lero ukufuna kutayanso mkulu uyu kachiwiri, chifukwa choopa Zenzi? Zenzi wogulitsa buledi wa dzulo? Manyazi anapha lambe, mayi iwe."

Ndinamasula mabatani, n'kuvula chikhoti chakuda, n'kuchiponya pa tebulo.

"Ndakuvalira chikhoti, ndakuvalira ndi manyazi omwe. Zonse zikundithina. Tenga."

A Filomena anayang'ana chikhoticho nthawi yaitali, kenako anachikankhira kwa mwana wawo ndi chala chimodzi.

"Nyamula ichi. N'cholemera." Anaimirira, n'kukoka chofiira chija kuti chikhale bwino. "Ambros, tseka mbaula. Ndikufuna buledi."

"Buledi alipo pano."

"Ndikufuna wa kwa Zenzi."

8

Tinatsika anayi. Kutsogolo a Filomena, mutu uli pamtunda, mkono uli m'khwapa mwa Ambros. Kumbuyo ine nditavala jekete la Kassian, iye akunjenjemera ndi juzi yokha, chikhoti chakuda chili paphewa.

Titafika pa benchi a Filomena anaima, n'kuyang'ana kumudzi, kumene kadontho kena kankanyezimira pawindo la pamwamba pa sitolo. Anakweza dzanja n'kubayibitsa. Kadonthoko kanazima.

Tinadutsa mtanda. Mtima wanga unali m'mwamba kudikira mawu oyamba a kumunsi.

"Vroni," anatero Kassian, "ukuzizidwa?"

"Pang'ono."

"Undikhululukire."

"Uyambe wasamba. Ukununkha nsapato."

Anaseka, ine n'kuseka, ndipo anandigwira dzanja ngati tili pa chibwenzi. Kenako apongozi anacheuka. "Veronika, samalani apo, n'poterera."

Samalani. Ndinati basi, zina sizisintha, munthu usamafune zonse tsiku limodzi.

M'sitolo ya Zenzi munali modzaza ngati kukugawidwa zaulere. A Filomena analowa ndi chikhoti chofiira, n'kuima pakati penipeni.

"Iwe Ambros," anatero mokweza ngati akuwerenga mawu a Mulungu, "umakonda buledi uti, wokondedwa?"

Mpeni wa Zenzi unagwa pansi. Wastl anatsika masitepe, n'kubwereranso osafika pansi.

"Ndipo inu nonse," anapitiriza, "Lamlungu musendere pa benchi ya kutchalitchi ngati mmene munachitira. Malowo akufunika. Tikhala anayi."

Mawa lake masana tinakhala pa tebulo monga mwa nthawi zonse. Sutikesi inali itabwerera pamwamba pa kabati. Apongozi analawa supu, n'kukwinya nkhope.

"Iwe Vroni, supu yako ilibe mchere. Patse kuno."

Kassian anasiya sipuni m'malere. Ine ndinatenga mcherewo, koma sindinkauona bwino, maso anali atadzaza.

"Nanga ukulira chiyani?" anatero osandiyang'ana. "Ndati ilibe mchere, sindinati uthiremo misozi."

Owerenga anzanga, akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine phazi langa silinkapitirira mitengo ya paini, koma mlomo unanditsata mpaka m'chipinda chogona. Ndiye ngati wina akupemphani kuti mumuvalire chikhoti, yambani mwafunsa kumene chanu chikupita. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene amakuphikirani chaka ndi chaka koma mukumusungabe pakhomo ngati mlendo, musadikire kuti athamange phiri lonse atavala zovala zanu. Mawuwo ndi aafupi, satenga ndi mpweya womwe.

Ukwati wawo uliko chipale chikasungunuka. Ambros akuti adzaimba yekha akodiyoni, apongozi akuti ayerekeze. Chikhoti chakuda tinayalira galu. Chofiira sanandibwezere mpaka lero, ndipo nditafunsa anandiyankha kuti, "Iwe, chimakukhala moipa."

Ndinawasiyira.